Chotsani Sakura Tione Chotsala

Pakati pa ife achinyamata okonda kulemba, dziko la Japan lafika pamtima. Ena tinalowera pa makatuni a anime monga Naruto ndi One Piece, ena pa mabuku a Haruki Murakami, ndipo ena tinakopeka ndi haiku, kandakatulo ka mizere itatu kamene kamaoneka ngati munthu angakalembe podikira minibasi kuti idzaze. Choncho sizodabwitsa kuti m'magulu a alembi a m'sukulu zaukachenjede mumatuluka ganizo losonkhanitsa nkhani zazifupi ndi ndakatulo zotsamira pa chikhalidwe cha ku Japan, n'kupanga buku limodzi. Ganizoli ine ndimaligwirizana nalo. Pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri ndi pa kasankhidwe. Zolemba zikabwera mulu, mkonzi atenge ziti, asiye ziti?

Maganizo anga ndi awa: mkonzi asankhe zolemba zimene mlembi wake waphunzirapo kanthu kwa Ajapani pa kapenyedwe ka zinthu ndi kaumbidwe ka mawu. Zimene zangovekedwa kimono pamwamba zibwerere kwa eni ake, ngakhale zitakoma chotani. Muyeso umenewu ndi wowawa. Ukhoza kugwetsa nkhani ya mnzako amene mumadyera limodzi tchipisi pachiwaya, amene wakhala usiku wonse akulemba za samurai wobwezera imfa ya bambo ake. Ndiye ndiyenera kufotokoza chifukwa chimene ndikuumirira.

Mayeso a cholembera chofiira

Pali njira yosavuta yoyesera cholembedwa chilichonse chimene chafika kwa mkonzi. Tengani cholembera, mufufute dzina lililonse la Chijapani: sakura, samurai, geisha, katana, sushi, phiri la Fuji. Kenako werenganinso. Nthawi zambiri chotsalacho chimakhala filimu yankhondo ya ku America, kapena nkhani yachikondi imene ikanatha kuchitikira ku Area 25 popanda kusintha chiganizo n'chimodzi chomwe. Zikatero, Japan anali penti chabe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma pali zolemba zina zimene mukafufuta mayina onsewo zimaimabe pazokha, ndipo mumamva kuti mlembi anadutsa pasukulu inayake. Mwina ndi mmene akusiyira chinthu chachikulu osachitchula, n'kukuonetsani kanthu kakang'ono kamene kali pambali pake. Mwina ndi mmene nyengo ya chaka ikulowera m'nkhani ngati mpangankhani. Zolemba zoterezi ndi zimene ndingaike m'buku, ngakhale zitakhala kuti mulibe liwu limodzi la Chijapani.

Ifenso tinakhalapo penti

Wina anganene kuti ndikukulitsa nkhani yaing'ono, chifukwa mwana wasukulu wa ku Zomba akalemba za geisha palibe Mjapani amene angagone ndi njala. N'zoona. Koma ife ophunzira zolembalemba mu Africa tilibe chowiringula, chifukwa matendawa timawadziwa kuchokera kwa wodwala. M'chaka cha 1975 Chinua Achebe anakamba ku University of Massachusetts za buku la Joseph Conrad la Heart of Darkness, ndipo dandaulo lake linali lakuti Africa m'bukumo ndi bwalo chabe lochitirapo sewero la mzungu amene mutu ukumuzungulira. M'chaka cha 2005 Binyavanga Wainaina wa ku Kenya analemba How to Write About Africa m'magazini ya Granta, kuseka alembi akunja amene Africa wawo ndi dzuwa lolowa, njovu ndi mwana wanjala. Timawerenga zimenezi m'kalasi, timawomba m'manja. Kutuluka m'kalasimo n'kukachitira Ajapani zomwezo ndi chinyengo.

Ndipo Japan wakhala penti wa anthu ena kwa nthawi yaitali. Sewero loimba la The Mikado la Gilbert ndi Sullivan, la m'chaka cha 1885, linkaseka ndale za ku Britain, koma linabisala m'mudzi wopeka wa ku Japan wokhala ndi anthu a mayina ngati Yum-Yum ndi Nanki-Poo, amene si mayina a Chijapani m'pang'ono pomwe. Madama Butterfly ya Puccini, ya 1904, inakhomereza m'mitu mwa anthu chithunzi cha mtsikana wa ku Nagasaki wofatsa, wodikira mwamuna wa ku America mpaka kudzipha. Buku la Arthur Golden la Memoirs of a Geisha, la 1997, linagulidwa kwambiri padziko lonse, koma Mineko Iwasaki, mayi amene anakhalapo geisha ku Kyoto ndipo anacheza ndi mlembiyo, anakamusumira m'chaka cha 2001, ndipo chaka chotsatira anatulutsa buku lofotokoza yekha moyo wake. Nkhani zambiri za Japan zimene achinyamata timalemba sizichokera ku Japan. Zimachokera ku zithunzi zimenezi, zimene zatifika zitadutsa kale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu.

Akonzi odziwa ntchito nawonso amagwa m'mbuna yomweyi. M'zaka za m'ma 1990 magazini otchuka a ndakatulo ku America, kuphatikizapo American Poetry Review m'chaka cha 1996, anasindikiza ndakatulo za Araki Yasusada, amene ankati anapulumuka bomba la ku Hiroshima koma anataya abale ake. Patapita nthawi zinadziwika kuti munthuyo sanakhaleko. Akonziwo anakopeka ndi dzina ndi mbiri yomvetsa chisoni. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti fungo la Japan limatha kugonetsa maso a mkonzi, n'kuiwala kufunsa mafunso amene akanafunsa pa cholembedwa china chilichonse.

Eni ake ankasankha bwanji?

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti tikamakamba za buku lotsamira pa chikhalidwe cha ku Japan timaganiza za zimene zilowe m'katimo, osaganiza kuti kusonkhanitsa ndakatulo pakokha ndi mbali yaikulu ya chikhalidwecho. Ajapani akhala akuchita ntchito ya ukonzi kwa zaka zoposa 1,200, ndipo pali zambiri zoti tibwereke kwa iwo.

Buku lawo lakale kwambiri la ndakatulo ndi Man'yōshū, limene lili ndi ndakatulo pafupifupi 4,500, ndipo yomaliza yodziwika chaka chake ndi ya 759. M'menemo muli ndakatulo za mafumu, komanso za anyamata akumidzi amene ankatengedwa kukalondera malire ku Kyushu. M'chaka cha 755 Ōtomo no Yakamochi anasonkhanitsa ndakatulo za asilikali amenewa, nalemba pafupifupi theka la zimene analandira, ndipo ananeneratu kuti zosalembeka bwino wazisiya. Anatsekula khomo kwa anthu wamba popanda kutsitsa muyeso. Buku lomweli ndi limene munachokera dzina la Reiwa, nyengo ya ufumu imene inayamba mu 2019.

Cha m'ma 905, molamulidwa ndi mfumu Daigo, alakatuli anayi, mmodzi mwa iwo Ki no Tsurayuki, anasonkhanitsa Kokinshū, ndakatulo zoposa 1,100 m'magawo 20. Chodabwitsa cha bukuli ndi kasanjidwe kake. Magawo asanu ndi limodzi oyambirira amatsata nyengo za chaka, ndipo m'kati mwa gawo lililonse ndakatulo zimayenda ndi nthawi: maluwa akuphukira, achanua, ayamba kuyoyoka. Magawo asanu a chikondi amayambira pamene munthu wangomva mbiri ya wina asanamuone, kudutsa pa kukumana, mpaka pa kuzirala ndi kusiyana. Ndakatulo za anthu osiyanasiyana, ena amene anamwalira kalekale, zimalumikizana ngati nkhani imodzi.

Apa pali phunziro limene akonzi achinyamata sitiliganizira. Ife timasankha zolemba khumi kapena makumi awiri zopambana, n'kuzindandalika motsata zilembo za mayina a alembi. Tsurayuki ndi anzake akanatifunsa kuti cholembedwa ichi chikuyankhula chiyani ndi chinzake chimene chili patsamba lotsatira. Ngati mwalandira ndakatulo zisanu ndi imodzi zabwino za mvula yoyamba, simungatenge zonse. Ndipo ndakatulo yofatsa ya mwezi wa June, imene pampikisano sikanapambana, ikhoza kukhala mlatho umene buku likuufuna. Buku lathu litasanjidwa kuyambira chizimalupsa, kudutsa dzinja, masika, chisanu mpaka chilimwe, likhoza kukhala la Chijapani kwambiri kuposa buku lodzaza ndi malupanga.

Palinso nkhani ya Fujiwara no Shunzei, imene imapezeka mu Heike Monogatari. M'chaka cha 1183, banja la Taira likuthawa mumzinda wa Kyoto nkhondo itawaipira, msilikali wina wa banjalo, Taira no Tadanori, anabwerera kunyumba ya Shunzei, mphunzitsi wake, n'kumusiyira mpukutu wa ndakatulo zake, kupempha kuti ngakhale imodzi idzalowe m'buku la mfumu. Tadanori anaphedwa chaka chotsatira pankhondo ya Ichi-no-Tani. Shunzei atamaliza buku la Senzaishū cha m'ma 1188, anaikamo ndakatulo imodzi ya Tadanori, koma analemba kuti mwini wake sakudziwika, popeza a Taira anali atasanduka adani a boma. Ife amene zolemba zathu zinadutsa m'manja mwa Censorship Board, amene Jack Mapanje wathu anakhala m'ndende kuyambira 1987 mpaka 1991, nkhani ya dzina loopsa kulitchula si yachilendo. Chimene ndimatengapo ine n'chakuti ndakatulo inalowa chifukwa cha mphamvu zake, dzina lili pambali.

Chimodzi chokha chimene sindingabwereke kwa akonzi akalewa: Tsurayuki anaika ndakatulo zake pafupifupi 100 m'buku limene ankakonza yekha. Iye anali Tsurayuki. Ife tikakhala akonzi, zathu zidikire buku lina.

Haiku si masamu

Mulu waukulu wa zimene mkonzi angalandire udzakhala wa haiku, ndipo apa m'pamene pamafunika maso akuthwa. Ambiri tinaphunzira kuti haiku ndi maphatikizo 5, 7 ndi 5, basi. Choncho munthu amatenga ganizo lililonse, n'kulidula ndi mpeni mpaka likwane 17. Chiwerengerocho chilipodi, ngakhale kuti Ajapani amawerenga timagawo ta liwu tosiyana pang'ono ndi maphatikizo athu: dzina lakuti Tokyo kwa iwo lili ndi timagawo tinayi, chifukwa mawu onse awiri a "o" ndi otalika.

Pa nkhani imeneyi Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe. Maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu ngati a Chijapani, ndipo "m" wa m'mawu ngati "mtengo" amaima payekha monga mmene "n" amaimira m'Chijapani. Mawu athu ndi ataliatalinso ngati awo. "Chisangalalo" yekha wadzaza mzere woyamba. "Ndidzakukumbukira" yekha wadzaza mzere wapakati. Ndiye kuti wolemba haiku m'Chichewa amakhala ndi mawu asanu, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri okha, kupanikizika kofanana ndi kumene Bashō ankakumana nako m'zaka za m'ma 1600. Wolemba m'Chingerezi akhoza kulongedza mawu khumi ndi awiri m'malo omwewo. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene ndingalimbikitsire kuti buku lathu lilandire zolemba za m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, osati Chingerezi chokha.

Koma mtima wa haiku uli pa zinthu zina ziwiri. Choyamba ndi kigo, liwu losonyeza nyengo. Ajapani ali ndi mabuku athunthu otchedwa saijiki, ondandalika mawu amenewa. Mlakatuli akangoti "mwezi" osawonjezera kanthu, owerenga amadziwa kuti ndi nyengo yoyoyoka masamba. Akangoti "duwa", ndi sakura. Liwu limodzi limanyamula zimene anthu a mibadwo yambiri anamva pa nyengo imeneyo. Chachiwiri ndi kudula: haiku imaika zithunzi ziwiri moyandikana, n'kusiya mpata pakati pake kuti wowerenga alumphe yekha.

Tsono taganizani. Mwana wa ku Mulanje akalemba "sakura", liwulo kwa iye ndi kwa owerenga ake lilibe katundu aliyense. Sanaimepo pansi pa mtengowo, sadziwa kuti maluwa ake amakhala sabata imodzi kapena ziwiri zokha, ndiponso kuti amachanua pamene chaka cha sukulu ndi cha ntchito chikuyamba mu April. Koma akalemba "chiperoni", tonse timamva kuzizira m'mafupa. Akalemba "ngumbi", tikuona ana ndi mabeseni pansi pa getsi. Mwera panyanja, nyenje zolira m'kutentha kwa October, masuku pamsika, utsi wa lupsa, jakaranda wofiirira m'misewu ya Blantyre: saijiki yathu ilipo kale, sinalembedwe chabe. Masaoka Shiki, amene anakonzanso haiku kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndipo anamwalira mu 1902 ali ndi zaka 34, ankaphunzitsa shasei, kujambula ndi mawu chimene uli kuona ndi maso ako. Wotsatira Shiki mokhulupirika ali ku Thyolo adzalemba za tiyi wa ku Thyolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo haiku ndi kudekha kumeneko.

Tilinso ndi chida china chofanana ndi chawo: mvekero. Chijapani n'chodzaza ndi mawu ngati shito-shito, a mvula yowaza pang'onopang'ono, ndi zaa-zaa, a mvula yamkuntho. Bata lenileni iwo amati shiin, ife timati zii. Mlakatuli amene wazindikira ubale umenewu n'kugwiritsa ntchito "zii", "mbuu" kapena "psuu" pamalo oyenera waphunzira zambiri kuposa amene waloweza mayina a malupanga.

Njira imeneyi ena anaidutsa kale. Richard Wright, mlembi wa Native Son, analemba haiku pafupifupi 4,000 m'miyezi yomaliza ya moyo wake ku France, ndipo 817 mwa izo zinasindikizidwa mu 1998. Zambiri zimakumbutsa minda ndi dothi la kummwera kwa America kumene anakulira. Mu 2015 Adjei Agyei-Baah wa ku Ghana ndi Emmanuel Jessie Kalusian wa ku Nigeria anayambitsa Africa Haiku Network, imene magazini yake imatchedwa The Mamba. Dzina lokhalo likuuza kumene maso awo akuyang'ana.

Nanga nkhani zazifupi?

Muyeso ndi womwewo. Ryūnosuke Akutagawa analemba In a Grove mu 1922, nkhani ya imfa ya munthu mmodzi yofotokozedwa ndi mboni zingapo zimene maumboni awo sagwirizana, mpaka wakufayo akuyankhula kudzera mwa wobwebweta. Akira Kurosawa anaisandutsa filimu ya Rashomon mu 1950. Mlembi amene watenga kamangidwe kameneka n'kukaika pabwalo la mfumu, pa mlandu wa malire a munda pamene aliyense akunena zoona zake, wandipatsa nkhani yotsamira pa Japan. Amene wangotenga nkhalango ya nsungwi ndi lupanga watenga makoko.

Komanso tisaiwale kuti pali Japan amene tili naye pakhomo. Galimoto zambiri m'misewu yathu, ma Sienta, ma Vitz, ma Probox, zinayamba moyo wawo kumeneko. Minibasi zina zimafika zidakali ndi zilembo za Chijapani m'mbali, dzina la sukulu ya mkaka kapena la nyumba ya alendo. Mukaliza injini, mayi wosaoneka amakulonjerani m'chinenero chimene dalaivala sakumva, ndipo wailesi yake imalephera kugwira masiteshoni athu ambiri chifukwa inapangidwira manambala a FM a kwawo. Timu ya Wanderers ya ku Blantyre inatchedwapo Be Forward Wanderers kwa zaka zingapo chifukwa cha kampani ya ku Tokyo yogulitsa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito. Achinyamata odzipereka a ku Japan akhala akubwera kudzagwira ntchito m'sukulu ndi m'zipatala za m'Malawi kuyambira 1971. Nkhani ya kondakitala amene amadzifunsa za ana amene ankakhala pamipando imene lero akupanikizapo anthu anayianayi, ine ndingailandire ndi manja awiri. Mlembi wake akudziwa mbali imodzi ya mlathowo bwinobwino, ndipo mbali inayo akuiyang'ana mwachidwi ndi modzichepetsa.

Kwa amene akufunabe kulemba nkhani yochitikira ku Japan kwenikweni, khomo lisatsekedwe, koma mkonzi afunse kuti ndi Japan uti. Dzikolo si nyumba yosungiramo zakale. Sayaka Murata analandira mphotho ya Akutagawa mu 2016 ndi buku la Convenience Store Woman, la mayi wogwira ntchito m'kasitolo amene abale ake akumuvutitsa kuti akwatiwe. Ndani wa ife sakuidziwa nkhani imeneyo? Yu Miri, wobadwira ku Japan kwa makolo a ku Korea, analemba Tokyo Ueno Station, za munthu waganyu wochokera ku Fukushima amene anathera moyo wake wopanda pokhala m'paki ya mumzinda. Kumpoto kuli a Ainu, amene lamulo linawavomereza kuti ndi eni nthaka mu 2019. Mtsikana wa mtundu umenewu, Chiri Yukie, analemba ndi kumasulira nyimbo 13 za makolo ake, namwalira mu 1922 ali ndi zaka 19, buku lake lisanatuluke. Anali wamng'ono kuposa ambiri a ife. Ngati nkhani zonse zimene talandira ndi za samurai ndi geisha, ndiye kuti alembi athu sanawerenge Ajapani, angoonera za Ajapani.

Ngakhale pa za samurai pali njira ziwiri. Yasuke anali munthu wa ku Africa amene anafika ku Japan mu 1579 pamodzi ndi wansembe Alessandro Valignano, natumikira Oda Nobunaga kuyambira 1581 mpaka imfa ya mtsogoleriyo mu 1582, ndipo olemba mbiri ambiri amaganiza kuti ankachokera kudera la Mozambique. Mlembi wina adzamupatsa lupanga kuti adule mitu masamba khumi. Wina adzafunsa kuti munthu amamva bwanji khamu likamakanganirana kudzamuona khungu, kapena amalota m'chinenero chiti. Wachiwiriyu ndiye wanga.

Zimene otsutsa anganene

Mnzanga wokonda anime adzati ndikunyoza chikondi chake, ndipo adzawonjezera kuti Ajapani eni ake ndi amene amagulitsa ninja ndi samurai kudziko lonse. Ali ndi mfundo. Anime ndi chikhalidwe cha ku Japan chenicheni, chimodzimodzi ndi Bashō. Koma mayeso a cholembera chofiira amagwiranso ntchito pamenepa. M'mafilimu a Hayao Miyazaki muli nthawi zimene palibe chikuchitika, mtsikana wangokhala m'sitima akuyang'ana madzi, ndipo mpata umenewo Ajapani amautcha ma. Grave of the Fireflies ya Isao Takahata, ya 1988, imafotokoza nkhondo yonse kudzera mwa ana awiri ndi kachitini ka maswiti. Wophunzira zimenezi kwa anime alowe. Wokopera tsitsi losongoka ndi mayina othera ndi "-maru" adikire.

Wina adzachokera mbali inayo, n'kunena kuti za Japan zisiyireni Ajapani. Izi sindigwirizana nazo, ndipo mbiri ya Japan yeniyeni ikuzitsutsa. Zilembo zawo anabwereka ku China. Kurosawa anatenga Macbeth n'kupanga Throne of Blood mu 1957, anatenga King Lear n'kupanga Ran mu 1985, pamene Seven Samurai yake ya 1954 inasanduka The Magnificent Seven ku America mu 1960. Kazuo Ishiguro anachoka ku Nagasaki ali ndi zaka zisanu, nalemba mabuku ake awiri oyamba onena za Japan asanabwerereko. Kubwereka ndiye moyo wa zolembalemba. Funso ndi la khama limene wobwerekayo waikapo. Takahata ndi anzake asanapange katuni ya Heidi ya 1974 anapita ku Switzerland kukaona mapiri ndi nyumba za kumeneko ndi maso awo. Ife tikiti ya ndege tilibe, koma laibulale ndi intaneti tili nazo.

Wachitatu adzati muyeso wangawu udzasiya buku lopyapyala. Mwina. Koma Fujiwara no Teika, mwana wa Shunzei uja, anasankha ndakatulo imodzi yokha kwa mlakatuli aliyense mwa alakatuli 100, m'zaka za m'ma 1200, ndipo Hyakunin Isshu mpaka lero ana a ku Japan amailoweza n'kumaseweretsa pa makadi a karuta nthawi ya chaka chatsopano. Kupyapyala sikunaphe buku limenelo.

Ntchito yake ichitike motere

Mayina a alembi achotsedwe zolemba zisanafike kwa osankha, ndipo osankhawo akhale atatu kapena kuposerapo, popeza mutu umodzi susenza denga. Pa sukulu pamene tonse timadziwana, iyi ndi njira yokhayo yotetezera ubwenzi ndi buku nthawi imodzi. Mlembi aliyense atumize ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena chimene wabwereka ndi kumene wachitenga, koma osankha aziwerenge pambuyo poti agamula kale, kuti kufotokoza kokoma kusapulumutse ndakatulo yofooka.

Zolemba zimene zachitikira ku Japan zifufuzidwe ngati nkhani ya m'nyuzipepala. Kung fu ndi wa ku China. Kimono ya munthu wamoyo imapindidwa mbali yakumanzere pamwamba pa yakumanja, ndipo kutembenuza kwake ndi kavekedwe ka maliro. Kuzika timitengo todyera mumpunga n'kuisiya itaima ndi mwambo wa kwa akufa. Mlembi amene walakwitsa zoterezi ali ngati mlendo wolemba kuti Amalawi amadya nsima ndi supuni pamaliro a Gule Wamkulu ku Karonga. Ngati pali munthu wa ku Japan kapena wodziwa chinenerocho amene angawerenge zosankhidwazo zisanasindikizidwe, apemphedwe, ndipo dzina lake lilembedwe m'buku mothokoza.

Pomaliza, obwezeredwa zolemba zawo auzidwe chifukwa chake, ndipo apatsidwe dzina la buku limodzi loti akawerenge. Wa samurai uja mupatseni Akutagawa. Wa sakura pa mzere uliwonse muuzeni za Kobayashi Issa, amene analemba haiku zoposa 20,000, zambiri za ntchentche, utitiri ndi nkhono za pakhomo pake. Akabweranso chaka chamawa ndi ndakatulo ya nyerere za m'khitchini ya ku hostel, mudzadziwa kuti buku lanu lagwira ntchito yake lisanafike n'komwe kwa osindikiza.